Mlendo Wanga Anatola Mbiya ku Manda

Sabata ino mlendo wandigonetsa ndi njala m'nyumba yanga yomwe, mkazi wanga atathawira kwa makolo ake ndi mwana kumbuyo. Ndipo mlendoyo si mdani ayi. Ndi mnzanga wa pamtima, munthu wophunzira, womanga tayi ngakhale pa dzuwa la kuno ku chigwa.

Dzina lawo ndi a Gidioni Mbewe. Tinakulira limodzi kwathu ku Fort Jameson, sukulu imodzi, benchi limodzi. Ine ndinakhala mphunzitsi, n'kunditumiza kuno kwa Chikwa, m'dziko la Asenga, komwe ndinapeza banja. Iwo anakhala kalaliki ku Lusaka.

Chaka chatha a Mbewe anapita ku Livingstone pa tchuthi, nakalowa m'nyumba ija yosungiramo zinthu za makolo. Anatulukamo ali munthu wina. Kuyambira pamenepo nkhani yawo inangokhala ya mikondo, ng'oma ndi mbiya. Ananditumira mawu kuti akufuna kudzaona miyambo yeniyeni, yosasakaniza ndi za m'tauni. Ine ndinakondwa. Ndinawayankha kuti abwere anthu akatha kukolola, pamene midzi imayenderana kukavina mganda.

Anabwera ndithu. Lole inawasiya ku Lundazi, kwinako anapalasa njinga yobwereka, sutikesi kumbuyo, khosi litatupa ndi kashembe, ntchentche zoluma za m'tchire la kuno. Mkazi wanga, NyaKumwenda, anawaphikira mpunga wa kuno ndi nsomba za mu Luangwa. Tinacheza, tinaseka. Mpaka pamenepo zonse zinali bwino.

Loweruka ndilo linali tsiku la gule. Anyamata a kwa Tembwe anafika ndi ng'oma yawo yaikulu ndi malipenga a zipanda, atayenda pansi ulendo wonsewo. Athu anawachingamira kunja kwa mudzi. Pabwalo panadzaza, ana mpaka m'mitengo. Mizere itaima, makabudula oyera mbuu, masitokosi ofika m'mawondo, mipango m'manja, ine ndinayang'ana mlendo wanga kuti ndione chimwemwe chake.

Nkhope inali itagwa.

"A Sakala," anandinong'oneza, "ndavutika njira yonseyi kudzaona amuna ovala makabudula? Awa ndi masewera a asilikali. Zikopa zili kuti? Nthenga zili kuti?"

"Umenewu ndiwo mganda," ndinawayankha. "Anthuwa achapa, asita ndi makala, akonzekera kuyambira mapira asanache. Mukufuna avule kuti inu mukondwe?"

Anapirira pang'ono, kenaka anati akukawongola miyendo. Ine sindikanatha kunyamuka, chifukwa ndinali nditakhala moyang'anana ndi apongozi anga, a Kumwenda, ndipo mkamwini sadzambatuka pa gule ngati walumidwa ndi linthumbu. Ndinangoti munthu wamkulu, azungulira pang'ono, abwera.

Dzuwa litapendeka ndinapita kunyumba kukamwa madzi. Ndinawapeza a Mbewe ali m'kati, maso akuwala ngati mwana amene wagwira mbewa yake yoyamba. Pa tebulo langa, pomwe ndimachongera ntchito za ana, panali kambiya kakuda, kofiira kukamwa, kokhala ndi timizere tokongola m'khosi. Pansi pake panali pobooka.

"Onani ichi!" anatero. "Chakale chenicheni. Ndachipeza m'kankhalango kaja kuseri kwa madimba a fodya. Zangotayidwa mbwee, mbale, makapu, zonse zobooka. Anthu inu simudziwa chuma chimene muli nacho. Ichi ndikachipereka ku nyumba ya zinthu zakale, anthu a dziko lonse akachione."

Kuseri kwa madimba a fodya kuli kankhalango kamodzi kokha.

Ndisanatsegule pakamwa, NyaKumwenda analowa ndi mtsuko pamutu. Anaona. Sanakuwe ayi, ndipo kukanakhala bwino akanakuwa. Anatula mtsuko pang'onopang'ono, n'kunyamula mwana wathu Esitere pa mphasa, n'kumubereka.

"Bambo a Esitere," anatero, maso ali pansi, "manda alowa bwanji m'nyumba muno, mwana ali momwemo?"

Basi. Anatuluka.

Inu amene munakhalapo pamudzi mukudziwa liwiro la nkhani yotere. Sipanapite nthawi, ng'oma yaikulu ija inaleka kulira pakati pa nyimbo. Mizere inamwazikana. Anthu anayamba kuima patali ndi nyumba yanga, m'timagulu, akuloza ndi milomo. Ndinamva mayi wina akufunsa mnzake mokweza, dala kuti ndimve: munthu wolowa kumanda yekha, masana, anthu onse ali ku gule, amakafunako chiyani? Wina anati mlendo sangadziwe njira, wamutuma ndi mwini nyumba. Winanso anati mwana wake sapondanso pa sukulu ya munthu wosunga za kumanda pa tebulo.

Mukumva? Zaka zonsezi ndapempha makolo khomo ndi khomo kuti atsikana azibwera kusukulu. Masana amodzi okha, kambiya kamodzi, ine ndasanduka mfiti.

A Mbewe anayamba ndi kuseka, kuseka kwa munthu amene wayamba kuopa. Anati izi ndi zikhulupiriro chabe, dothi ndi dothi. Ataona kuti palibe akuseka nawo, anati chabwino, akakabwezera pompano. Anatambasula dzanja kuti akanyamule. Ndinawagwira mkono. Kulowako kamodzi ndi mlandu. Kubwererako wekha kachiwiri ndi chipongwe. Kumanda amatsogolera ndi adzukulu, aja amene amakumba ndi kuika maliro, ndipo iwonso salowa popanda eni ake kudziwa.

Apongozi anga anafika naima pabwalo, osayandikira khomo. A Kumwenda ndi mkulu wa mpingo, munthu wosakweza mawu. A Mbewe anaona ngati apeza wowathandiza.

"Bambo, inu ndinu Mkhristu," anatero. "Auzeni anthuwa kuti mbiya ilibe mphamvu."

"Ilibe," anayankha a Kumwenda. "Ife sitipembedza mbiya. Koma munthu wagona pansi pa mbiyayo tinamuimbira nyimbo ndife. Mkazi wake ali moyo, ali pamudzi pompano. Manje mukuti tikamuuze chiyani?"

Tsiku limenelo moto sunayake pakhomo panga. Palibe anatibweretsera ngakhale madzi.

Lamulungu titatuluka m'mapemphero, anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa bwemba. Adzukulu anakatulutsa kambiya kaja m'nyumba mwanga nakaika pakati. Ndiye anabwera mwini wake, NyaGoma, mayi wa msinkhu wapakati, woonda, mpango wakuda kumutu. Anakhala pansi, miyendo atatambasula, n'kumangokayang'ana.

A Mbewe anaimirira kuti apepese. Wina anawakoka jekete kuti akhale pansi, pakuti kuno sulankhula ndi anthu okhala iwe uli chiimire. Anakhala pa kampando. Anapepesa bwino ndithu, m'Chinyanja chosalala cha mu ofesi. Anati sanadziwe, anayesa n'chinthu chotayidwa, cha makolo akalekale, chopanda mwini.

NyaGoma anafunsa apongozi anga m'Chisenga kuti mlendoyo akuti chiyani. Atamumasulira, anayankha yekha m'Chinyanja chake chochepa.

"Chakale? Ndinaumba ine, ndi manja awa. Timizere uto ndinalemba ndi kamtengo, nditakhala pakhonde. Amuna anga anali kumweramo chindongwa, thobwa lathu, akabwera ku munda. Sanali kufuna kapu, anali kufuna aka. Anatisiya mvula yapitayi."

Analoza kambiyako.

"Pansi apo ndinaboola ndekha, kuti munthu asakakhumbe. Manje mwakakhumba ndithu. Lero ndikawaikenso kachiwiri."

Ndipo analira. Sikunali kulira kwa maliro kofuula ayi, inali misozi yongotsika, iye osaipukuta.

Ndinayang'ana mnzanga. Anavula chipewa, anatsika pa kampando paja, nakhala m'fumbi ndi buluku lake la ku Lusaka. Pamenepo ndinawamvera chisoni, ndisaname.

Akulu anagamula kuti papite nkhuku yoyera kwa NyaGoma. Mlendo sayenda ndi nkhuku, choncho anapita ndi tambala wanga. A Mbewe anavula nsapato natsatira adzukulu mpaka m'mphepete mwa nkhalango, naima pamenepo kambiya kakubwerera pamalo pake. Pobwera anasamba m'manja ndi kumaso monga achitira onse ochokera kumanda, nyumba yanga anaiwaza madzi, apongozi anga napemphera pakhomo. Mlandu unatha.

Koma gule sanabwerere. A kwa Tembwe anali atanyamula kale ng'oma yawo m'mamawa, osatsazika bwino. Anyamata athu, amene anagulitsa fodya kuti asoketse makabudula, avina theka la tsiku chaka chonse chino. NyaKumwenda anabwerera madzulo ake, koma mpaka lero akandifuna amalankhula ndi khanda: "Esitere, auze atate ako kuti madzi ali kubafa." Lolemba kusukulu mabenchi ena anali opanda anthu, ndipo ndayambanso kuyenda khomo ndi khomo.

Tsono ndikufunseni, abale anga. Vuto linali pati?

Ena pamudzi pano akuti mlandu ndi wanga, sindinamulangize mlendo. Ndinawauza za kashembe. Ndinawauza kuti asatsikire kumtsinje okha chifukwa cha ng'ona, ndi kuti akaona ndowe za njovu zofuka nthunzi abwerere. Koma za manda? Munthu wobadwira m'mudzi, amene anaika atate ake ine ndili pomwepo, ndimuuze kuti kumanda salowako? Kwathu ku Fort Jameson a Mbewe sangayerekeze n'komwe kuloza manda ndi chala. Chinasintha n'chiyani atawoloka mitsinje ingapo?

Chinasintha ndi maso. Kwawo amaona anthu. Kwa eni anabwera kudzaona zinthu.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti a Mbewe omwewo anandifotokozera ndi pakamwa pawo momwe analowera m'nyumba ija ya ku Livingstone. Anafunsa kaye nthawi yotsegulira. Anavula chipewa pakhomo. Zinthu zili m'magalasi, mlonda ali potero, ndipo ukangoyandikitsa chala amakutsokomolera. Iwo anayenda manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu pamaso pa woyendera masukulu. Sanakhudze kanthu. Nanga bwanji ulemu umene anapatsa mbiya ya m'galasi, imene mwini wake sakumudziwa, anaumana mbiya ya pa manda a munthu amene mkazi wake akali kuvala mpango wakuda?

Kodi ulemu wathu anthu ophunzira umadikira mlonda wa yunifomu?

Musandimve molakwa. Nyumba yosungira za makolo ndi chinthu chabwino. Ine sindinafikeko, koma ndikanakonda ana anga a sukulu akanakaona, adziwe kuti agogo awo ankasula chitsulo ndi kuomba nsalu sitolo isanabwere. Mukapita ku Livingstone kalowenimo, musangothera ku mathithi. Koma mukatulukamo, chonde, siyani magalasiwo komweko. Musawanyamule m'maso n'kubwera nawo kuno. Mudzi si nyumba yoonetsera zinthu. Chilichonse mukuona pamudzi chili ndi mwini: mtondo wogubuduzika paja, chipande chopachikidwa pa mtengo, kanyumba kakang'ono kosafika m'chiuno kamene mukuganiza kuti anamanga ndi ana. Funsani. Safunsa anadya phula, ndipo nthawi zina amadyetsako ndi womulandira.

Si a Mbewe okha. Chilimwe chilichonse timalandira otere. Azungu odzasaka nyama amaima pakati pa mudzi n'kujambula mayi akuyamwitsa, osapereka ndi moni womwe. Ana athu enieni ochokera ku migodi amabwera ndi kamera pakhosi n'kumauza alongo awo kuti avule bulauzi kuti chithunzi chioneke chachimudzi. Wina chaka chatha anafuna kuti amuvinire vimbuza masana chifukwa mawa lake anali pa ulendo. Vimbuza! Munthu akudwala, abale ake akumuimbira kuti achire, iwe ukuti fulumirani ndione? Bwanji osapita kuchipatala kukapempha odwala kuti abuule mokweza?

Timabuku tolembera alendo timene ndinaonapo timanena za njovu, za njati, za malo ogona ndi mwezi woyenera kubwera. Za anthu timangodumpha, ngati chigwa chino muli nyama zokhazokha. Popeza palibe wakulemberani, lekani ndikuuzeni ine, tambala wanga asafere chabe.

Bwerani m'chilimwe, kuyambira mwezi wa Julaye, dzuwa la Okutobala lisanayambe kuotcha mapazi. Nthawi ya mvula musayese, pakuti timitsinje timene mumadumpha lero timakokolola ng'ombe, ndipo dothi la kuno limameza njinga. Chilimwe ndiyonso nthawi ya magule, koma musandifunse tsiku lenileni miyezi isanakwane. Gule wa kuno sayendera kalendala ya mu ofesi. Amayendera nkhokwe, ndipo pakagwa maliro amaimika, kaya inu mwachokera kutali bwanji. Ngati zatero, musadandaule za tchuthi chanu. Pitani mukakhale pa maliropo, mudzaona mwambo woposa umene munadzera.

Nyamulani mchere ndi sopo. Sindikuti mugule nazo anthu, koma munthu salowa pakhomo pa mnzake manja ali lendelende. Mukafika, tsikani pa njinga kunja kwa mudzi. Musayambe ndi mafunso. Khalani pansi pomwe akuonetsani, mudikire moni, pakuti kuno mlendo sayamba ndiye. Moniwo ndi wautali, aliyense amabwera payekha, ndipo mudzayankha mpaka kukhosi kuuma. Yankhani ndithu, ndi m'manja momwe. Ngati Chisenga simuchidziwa, "yewo" yekha, zikomo wa kuno, akuyendetsani mtunda wautali. Kenaka amene wakulandirani akakuonetseni kwa eni mudzi, kuti anthu akakuonani mukuyenda adziwe kuti ndinu wa yani.

Pa gule, amuna ali ndi mbali yawo, akazi yawo. Musadutse pakati pa ovina ndi ng'oma. Wovina akakusangalatsani, mufupeni, osati kumuwongolera mavalidwe. Ndipo lekani kufunsa zikopa. Mganda ndi wathu monga momwe ulili, ndi masitokosi ake omwe. Anauyamba ndi anthu, akuuvina ndi anthu, ndipo udzasintha anthuwo akafuna. Inu nomwe simuvala nyanda ku ofesi.

Mukamva ng'oma ndi nyimbo za amayi okhaokha m'nyumba yotseka, ndi chinamwali. Mwamuna apatuke, ngakhale mkazi wosaitanidwa apatuke. Kamera isatuluke m'thumba musanapemphe, ndipo akakana, akana.

Tsono ichi ndicho chachikulu. Chilimwe tchire lonse limapsa, mitengo imayoyoka. Mukaona pafupi ndi mudzi kankhalango kobiriwira, kosapsa, kosadulidwa ngakhale nthambi imodzi pamene amayi akukatola nkhuni kutali, musati mwapeza mthunzi wabwino. Dzifunseni chifukwa chake anthu osowa nkhuni akusiya mitengo imeneyo.

Zonsezi ndinawauza a Mbewe Lachiwiri, ndikuwaperekeza pa njira ya ku Lundazi. Anali atafupikitsa ulendo wawo. Asananyamuke anapita okha kwa NyaGoma kukatsazika, nagwada pakhomo, ndipo mayiyo anawapatsa mtedza wa pa njira m'kansalu. Tinayenda tikukankha njinga, iwo akungogwedeza mutu pa chilichonse ndikunena. Mumtima ndinati, basi, munthuyu wamva.

Titafika pa mtsinje wouma pomwe ndimabwererera, anandigwira dzanja nthawi yaitali. Anati ndiwapepesere kwa mlamu wawo. Anakwera njinga, phazi limodzi lili pansi, natembenuka.

"Komabe, a Sakala," anatero, "pakanakhala chikwangwani."

Chikwangwani!

Ndinaima pa mchenga paja mpaka njinga inazimiririka m'mitengo ya tsanya. Ndiye ndabwera nalo kwa inu funsoli, inu a m'tauni amene mukukonza zodzationa chilimwe chino. Mlendo atafika kwanu, n'kulowa pomwe munaika amayi anu, n'kuzula mtanda chifukwa wausema bwino, inu mudzapepesa kuti munaiwala kulemba kuti pano pagona munthu?